Pulogalamu ya ana athu iphunzire kukana deti yolakwika

Mwa ntchito zoyamba zimene ophunzira a kompyuta amapatsidwa, pali ina yooneka yaing'ono: munthu alembe deti, pulogalamu ione ngati detiyo iliko, kenako iilembe mwadongosolo limodzi. Ine ndikuti ntchito imeneyi tisaichepetse. Aphunzitsi aipatse nthawi yokwanira.

Tengani 06/07/1964. Ife tiwerenga kuti 6 Julayi, tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu. Munthu wa ku America awerenga kuti 7 Juni, chifukwa kumeneko amayamba ndi mwezi. Nchifukwa chake pali muyezo wa ISO 8601, wolemba chaka, mwezi, kenako tsiku: 1964-07-06. Madeti olembedwa chotere sasokoneza, ndipo amasanjika mosavuta.

Palinso Febuluwale. Amakhala ndi masiku 29 m'chaka chogawika ndi 4, koma chaka chothera ndi 00 chiyenera kugawikanso ndi 400. Choncho 2000 inali ndi 29 Febuluwale, pamene 1900 inalibe, ndipo 2100 sidzakhala nayo. Ena amati kuphunzira izi nkutaya nthawi, popeza Python ili ndi datetime yomwe imakana 31/02 payokha. Nzoona, koma wophunzira amene sanalembepo malamulowa yekha sangadziwe pamene chidacho chafika polekezera.

Kwa ife Asilamu, polekezerapo pali pafupi. Kalendala ya Hijri ili ndi miyezi ya masiku 29 kapena 30, chaka chonse masiku 354 kapena 355. Mwezi wachiwiri, Safar, utha kufika tsiku la 30, pamene Febuluwale safikako. Choncho 30/02 ndi deti yosatheka m'kalendala ina, yotheka m'inzake. Pulogalamu yabwino iyambe yafunsa kuti ndi kalendala iti. Ikamasintha deti kupita ku Hijri, inenenso poyera kuti yankholo ndi lowerengera chabe, pakuti kuoneka kwa mwezi kutha kusiyana nalo ndi tsiku limodzi.

Chachikulu nchakuti pulogalamu isamaganizire munthu. Ikalandira 31/04/2010 isasinthe mwakachetechete kukhala 1 Meyi. Ikane, inene chifukwa chake, munthuyo alembenso. Makolo mukudziwa mavuto amene amabwera tsiku lobadwa la mwana likasiyana pa fomu ya mayeso ndi pa chitupa cha unzika.

Ayah yaitali kwambiri m'Qur'an, ya 282 mu Surat al-Baqarah, imalamula kuti ngongole yokhala ndi nthawi yobwezera ilembedwe, ndipo mlembi alembe mwachilungamo. Kulemba deti molondola ndi mbali ya udindo womwewo.

Ndikupempha akomiti a mzikiti kuti abwereke ophunzirawa madeti a m'kaundula wa madrassah kapena wa nikah, mayina atabisidwa, kuti ayeserepo mapulogalamu awo. Insha Allah anawo adzaphunzira pa zolemba zenizeni, ndipo kaundulayo adzakonzeka pamene panalakwika.