Nyimbo Zakale Sizitayidwa Chifukwa cha Phokoso

Tikaika chimbale chakale pa wailesi, mauthenga sachedwa kubwera: "Chotsani, chikusokosera ngati mvula pamalata." Ife tikuti dekhani, anzathu. Kuseri kwa phokosolo kuli munthu amene sitidzamuonanso.

Taganizani za chitoliro chija amati klarineti. Ku Germany kunali katswiri wochiliza, Richard Mühlfeld, amene Johannes Brahms anamupekera nyimbo mu 1891. Anamwalira mu 1907 osasiya chimbale ngakhale chimodzi, ndipo lero timangomva mbiri yake. Koma Reginald Kell wa ku England anajambulitsa nyimbo ya Brahms yomweyo mu 1937. Mukaisaka pa intaneti, mumva mmene ankakokera liwu ndi pamene ankapumira.

Kufupi ndi kwathu zinachitikanso. Mu 1967, Gerhard Kubik wa ku Austria, yemwenso amaliza klarineti, anajambula Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ku Malawi. Onse awiri anatisiya, koma kwela yawo ikumvekabe.

Nanga ife? Mu Ogasiti timadzaza ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, mafoni m'mwamba, kudzijambula tokha. Agogo oliza kalimba ku Sinda kapena oyimba chitelele ku Vubwi akuwajambula ndani?

Mukapita kumudzi, pemphani chilolezo, khalani nawo pansi, jambulani nyimbo yonse osadula. Lembani dzina lawo, mudzi ndi tsiku. Nkhuku ikalira pakati, isiyeni ilire. Adzukulu athu adzafuna kumva zonsezo.