Denga la malata ndi chiweruzo cha kompyuta

Mlembi akafika pakhomo ku Naisi atanyamula tabuleti, mafunso ake amamveka wamba. Denga ndi la udzu kapena la malata? M'nyumba ndi mozira kapena mwasimenti? Muli ndi mbuzi, njinga, wailesi? Mayankho amakalowa m'kaundula wa boma wa UBR, ndipo kompyuta imawaphatikiza n'kusanja mabanja kuyambira ovutikitsitsa. Mndandandawo umathandiza posankha olandira Mtukula Pakhomo, ndondomeko yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006.

Tsono pakhoza kukhala mayi wamasiye amene malata ake adakhoma ndi malemu amuna ake zaka zambiri zapitazo, mpunga wa m'dambo la Domasi udakali kuwapatsa ndalama. Lero malatawo achita dzimbiri, nkhokwe ili mbee, adzukulu anayi agona ndi njala. Kompyuta dzimbiri siliona. Imangowerenga kuti pakhomopo pali malata.

Kufufuza kukondera kotere ndi ntchito yeniyeni ya akatswiri a sayansi ya kompyuta, ndipo mayunivesite ndi makampani akunja amalemba anthu ongomaliza PhD kuti aigwire kwa chaka chimodzi, ziwiri kapena zitatu. Ntchitoyi amati postdoc. Timnit Gebru, mayi wobadwira ku Ethiopia, adali pa ntchito yotere ku Microsoft pamene iye ndi Joy Buolamwini adatulutsa kafukufuku wawo mu 2018. Adayesa mapulogalamu atatu oyang'ana nkhope n'kunena ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Kwa amuna oyera khungu, kulakwitsa sikudafike 1 pa 100. Kwa amayi akuda kwambiri, pulogalamu ina idalakwitsa pafupifupi 35 pa 100. Makampani adachita manyazi, ena adakonza makina awo.

Wachinyamata wophunzira kompyuta ku Chirunga, pa yunivesite ya Malawi, ali pamtunda waufupi kuchokera ku Naisi. Mwayi wa postdoc akaupeza ku London kapena ku Johannesburg, asaukane. Koma funso lokafufuza alitenge kwawo kuno: kodi masamu osanja umphawiwa amadumpha mabanja angati osauka zedi? Amalakwitsa mofanana kwa mayi wamasiye ndi kwa banja la bambo ndi mayi? Kwa mlimi wa mpunga ndi msodzi wa ku Chilwa?

Poyambira palipo. Yunivesite ya MUST ku Thyolo idatsegula likulu la kafukufuku wa nzeru za makompyuta (AI) mu 2023, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024. Chofunika tsopano ndi thumba la ndalama zolipirira wofufuza kuti akhale zaka ziwiri akuyenda khomo ndi khomo m'chigwa cha Domasi, akuyerekeza zomwe kompyuta yanena ndi zomwe a mfumu, azaumoyo ndi anansi akudziwa za pakhomo pa mayi uja.