Telesikopu yaing'ono ya pa Palomar nayonso itamandidwe

Anthu akatchula phiri la Palomar ku California, amathamangira kutama telesikopu ya Hale, chimphona cha kalilole wa mainchi 200. Ine mtima wanga uli pa inzake yaing'ono, ya mainchi 48, yomwe sukulu ya ukachenjede ya Caltech inamaliza kumanga paphiri lomwelo mu 1948.

Chimphonacho chimaona kutali zedi, koma kachigawo kochepetsetsa ka thambo. Pamafunika wina woyamba wasakasaka n'kuloza pomwe pali chachilendo, ndipo ntchito imeneyo ndi ya yaing'onoyi.

Nzeru yake inachokera kwa Bernhard Schmidt, mbadwa ya ku Estonia, amene anaduka dzanja lamanja ali mnyamata poseweretsa onga. Ndi dzanja limodzi lotsalalo ankapala magalasi, ndipo mu 1930 ali ku Hamburg anathetsa vuto lomwe linkasautsa akatswiri. Kalilole wokumbika mofanana mbali zonse savuta kupanga, koma chithunzi chake chimatuluka chachimbuuzi. Schmidt anaika kutsogolo kwake galasi lopyapyala, lopalidwa mwaluso, lokonzeratu kuwala kusanafike pa kalilole. Nyenyezi zinayamba kuoneka bwino kuyambira pakati mpaka m'mphepete mwa chithunzi. Ku Palomar galasi lakutsogololo ndi la mainchi 48, pomwe kalilole wakumbuyo ndi wa mainchi 72, anamukulitsa dala kuti kuwala kolowa chopendekera kusataike.

Kuyambira 1949 mpaka 1958, mothandizidwa ndi National Geographic Society, telesikopuyi inajambula thambo lonse looneka kuchokera paphiripo, ndipo akatswiri a m'mayiko ambiri anadalira zithunzizo kwa zaka makumi angapo.

Chomwe chimandikhudza kwambiri n'choti Caltech sinaitaye itakalamba. Anachotsa magalasi ojambulirapo akale n'kuikamo makamera amakono. Pa zithunzi zake, mu 2005, katswiri wa zakuthambo Mike Brown ndi anzake anatulukira Eris, kadziko kozungulira dzuwa kutali kupitirira Pluto, zomwe zinautsa mtsutso womwe unachotsetsa Pluto pa mndandanda wa mapulaneti mu 2006. Kuyambira 2018, telesikopuyi, yomwe tsopano imatchedwa Samuel Oschin, ikulondera thambo lakumpoto mu ntchito ya Zwicky Transient Facility, kusaka nyenyezi zophulika ndi miyala yoyenda mumlengalenga.

Aphunzitsi a sayansi, pophunzitsa za thambo musamangotchula matelesikopu akuluakulu okha. Auzeninso ana za Bernhard Schmidt ndi galasi lake lopyapyala.