Chotupa cha pansagwada: khansa ya ana yomwe imachira ikapezeka msanga

Pa 15 Febuluwale mayiko amakumbukira ana odwala khansa. Ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba tsikuli limagwa pakati pa dzinja, malungo ali pachimake, anthu ali kalikiliki kumunda ndipo nkhokwe zatha. Ndi nyengo yomwe mwana wotupa nsagwada amachedwa kufika kuchipatala.

Lymphoma ndi khansa ya maselo oyera a magazi, omwe amateteza thupi ku matenda. Nthawi zambiri imaoneka ngati mwanabele m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, wosapweteka koma wosaphwa. Ena amatentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda. Akuluakulu omwe ali ndi HIV ali pachiopsezo chokulirapo.

Mtundu wofala mwa ana ndi Burkitt, womwe dokotala Denis Burkitt anaufotokoza ku Uganda mu 1958. Umatupitsa nsagwada, diso kapena mimba, ndipo mano amagwedera. Umachuluka m'madera momwe ana amadwala malungo mobwerezabwereza, ukakumana ndi kachilombo ka Epstein-Barr. Chotupacho chimatha kukula kawiri m'masiku awiri okha.

Liwiro lomwelo ndi lomwe limachititsa kuti Burkitt imve mankhwala. Madokotala amatenga kachidutswa ka chotupa n'kukayeza, chifukwa TB nayonso imatupitsa anabele. Akatsimikiza, mwana amalandira mankhwala a khansa, monga cyclophosphamide, kudzera m'mitsempha, maulendo angapo motsatizana. Chotupa chimaphwa msanga, ndipo msampha uli pamenepa: makolo akaona kuti mwana wayamba kusewera amabwerera kumunda mankhwala asanathe, khansa n'kuyambiranso.

Vuto lina ndi mtunda. Chipatala chachikulu cha kumpoto chili ku Nampula, makilomita pafupifupi 350 kuchokera ku Cuamba. Kutsidya kwa malire, wodi ya ana odwala khansa ili ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Kulikonseko pamafunika ndalama ya ulendo, chakudya ndi womudikirira mwana.

Bungwe la WHO likuti m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pomwe m'mayiko ambiri osauka safika 30. Mu 2018 linaika cholinga chofika pa 60 pomafika 2030. Kuti Niassa ayandikire pamenepo, zipatala zazing'ono ziyenera kutumiza mwana msanga, ndipo mabanja athandizidwe pa ulendo. Kwa makolo, chotupa chokula tsiku ndi tsiku sichidikira kukolola.