Mliri utatseka sukulu, ana aulumali ndiwo adatsalira kwambiri

Boma litatseka sukulu zonse pa 23 March 2020 pofuna kupewa kufala kwa Covid-19, unduna wa zamaphunziro udati ana apitirize kuphunzira kudzera pa wailesi ya MBC ndi pa intaneti. Ku Nayuchi m'boma la Machinga, kumalire ndi Mozambique komwe kumadutsa njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, njirazi zidasiya ana ambiri m'mbuyo, makamaka aulumali.

Mwana wa vuto losamva sakadapindula ndi phunziro la pawailesi. Wa vuto losaona amafunika mabuku a zilembo za Braille ndi mphunzitsi womugwira dzanja, koma zonsezi zimapezeka kusukulu kokha. Makolo ambiri akumudzi sadziwa chinenero chamanja, choncho ngakhale akadafunitsitsa, sakadalowa m'malo mwa mphunzitsi.

Sukulu zidayamba kutsegulidwa pa 7 September kwa olemba mayeso, ndipo ena onse adabwerera pa 12 October. Koma kubwererako kudadza ndi mavuto ena. Masiki adaphimba milomo ndi nkhope ya mphunzitsi, zomwe mwana wosamva amadalira kuti amvetse phunziro. Lamulo lotalikirana nalo lidali lovuta kwa mwana amene amayenda motsogoleredwa ndi mnzake. Mu January 2021 sukulu zidatsekedwanso, ndipo zitatsegulidwa aphunzitsi adanyanyala ntchito pofuna ndalama ya chiopsezo.

Kafukufuku wa boma adapeza kuti m'miyezi yoyamba yotseka sukulu, atsikana pafupifupi 13,000 adatenga mimba ndipo ana pafupifupi 40,000 adalowa m'banja m'dziko muno. Msungwana waulumali akakhala pakhomo chiopsezo chimakula, chifukwa kumuchitira nkhanza n'kosavuta ndipo kuti adandaule n'kovuta.

Mliriwu udangoulula vuto lakale. Aphunzitsi a ana aulumali, omwe ambiri amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndi ochepa, ndipo madera akutali ngati Nayuchi ndiwo amavutika kuwapeza.

Nkhaniyi sidathe ndi Covid-19. Mu 2023 kolera idachedwetsa kutsegula sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre, kenako namondwe wa Freddy adaimitsa maphunziro kuchigawo cha kummwera. Sukulu zidzatsekedwanso tsiku lina. Unduna ndi makhonsolo a Machinga ndi Balaka akuyenera kukhala ndi kaundula wa ana aulumali m'mudzi uliwonse, mabuku a Braille oti mwana n'kupita nawo kunyumba, komanso aphunzitsi oyendera anawo m'makomo. Izi zikapanda kukonzedwa panopa, ana omwewo ndiwo adzatsalirenso.