Nyengo yotseka nyanja: zomwe Misali ndi Mbenji akutiphunzitsa pa nkhani ya maubwenzi

Mwezi wa November ukafika, nthambi ya boma yoona za usodzi imaletsa makoka ena pa Nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane. Chaka chilichonse zimayenda chimodzimodzi. Uthenga umalengezedwa pa wailesi, makomiti a m'madooko otchedwa ma BVC amaitanitsa misonkhano, mabungwe amagawa zipewa ndi malaya, koma usiku ena amakokabe khoka kugombe. Ndiye funso loti mabanja athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota adzifunse si lakuti kodi anthu amva uthengawo. Anaumva kalekale. Funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani magulu ena ophunzitsa za chilengedwe amamveredwa pomwe ena amangoomberedwa m'manja basi.

Vutoli si laling'ono. Mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la nsomba zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Msodzi wa ku Malombe safuna lipoti kuti adziwe zimenezi. Nyanja yomwe kale inkatchuka ndi chambo lero imadalira kambuzi, ndipo ndi komweko komwe boma linayambira kugwira ntchito ndi ma BVC mu 1993, lamulo la za usodzi la 1997 lisanawapatse mphamvu.

Tiyeni tione kaye kwa abale athu Asilamu a ku Pemba, ku Zanzibar. Kumeneko kuli kachilumba kotchedwa Misali, komwe asodzi ena ankaphulitsa mabomba m'madzi kuti aphe nsomba zambiri nthawi imodzi, n'kumaphwanya matanthwe omwe nsombazo zimaswerana. Boma linaletsa, koma chiletsocho sichinapite patali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe la Chisilamu la IFEES la ku Birmingham, lomwe anayambitsa Fazlun Khalid, linagwirizana ndi CARE International n'kuyamba kukhala pansi ndi asodzi, masheikh ndi aphunzitsi a madrassah. Sanabwere ndi chiphunzitso chachilendo. Anatsegula Qur'an yomwe asodziwo ankaiwerenga kale, n'kukambirana za tawhid, za munthu ngati khalifah pa dziko, za mizani yomwe Allah anaika m'chilengedwe, ndi za kuwonongeka kwa pamtunda ndi panyanja komwe Surah Ar-Rum, ndime 41, ikukuloza ku zochita za anthu. Asodzi ambiri anasiya mabombawo, ndipo pambuyo pake kunatuluka buku la aphunzitsi m'Chiswahili ndi m'Chingerezi.

Chomwe chinagwira ntchito pa Misali, m'kuona kwanga, si kungotchula ma ayah. Ndi kagawidwe ka ntchito. Bungwe lakunja linabweretsa ndalama ndi akatswiri, koma mawu analankhulidwa ndi anthu omwe asodziwo amaswali kumbuyo kwawo tsiku la Ijuma. Munthu akhoza kuzemba boti la oyang'anira nyanja, koma zimamuvuta kuzemba sheikh yemwe adzamangitse nikah ya mwana wake.

Kwathu kuno chitsanzo tili nacho, ndipo n'chakale kuposa cha Misali. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja kuyambira m'ma 1950, n'kudzatsegulidwa ndi mwambo chakumapeto kwa mvula. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Lamuloli silinabadwire mu ofesi ya bungwe lililonse. Boma ndi ofufuza anachita kulipeza likuyenda, ndipo lero amabwera kudzaphunzirako. Fiqh yathu ili ndi dzina la mchitidwe wotere: hima, malo opatulidwa chifukwa cha ubwino wa onse. Mtumiki Muhammad (SAW) anapatula dera la An-Naqi' pafupi ndi Madina, ndipo Umar (RA) anachitanso chimodzimodzi ku Ar-Rabadhah. Choncho msodzi wa Chisilamu asamayese kuti kutseka nyanja ndi nzeru za azungu.

Alipo abale ena omwe amakayika kuti kodi n'koyenera gulu lotsogozedwa ndi Asilamu kugwira ntchito ndi mabungwe omwe si a Chisilamu. Apa sipafunika kutaya nthawi. Surah Al-Maidah, ndime 2, imalamula kuthandizana pa zabwino, ndipo Mtumiki (SAW) anayamikira pangano la Hilf al-Fudul la ku Makka, lomwe linapangidwa utumiki usanabwere pofuna kuteteza oponderezedwa. Nyanja timawedzamo limodzi ndi Akhristu. Mabungwe ngati WESM, lomwe lili ndi makalabu a zachilengedwe m'masukulu, kapena Ripple Africa, lomwe linayambira ku Nkhata Bay ntchito yoteteza nsomba ndi mbaula ya Changu Changu Moto, ali ndi luso lomwe misikiti yathu ilibe.

Pomwe pafunika maso ndi pa mtengo wa ubwenziwo, ndipo mtengo woyamba ndi alawansi. Tonse tikudziwa misonkhano yomwe imadzaza chifukwa cha envelopu ya kumapeto. Gulu likazolowera zimenezi, ntchito imatha tsiku lomwe polojekiti yatha. Choipitsitsa n'chakuti anthu akaona sheikh akulalikira za nyanja sabata yomwe walandira ndalama ya ku semina, amaika khutbah yake m'thumba limodzi ndi zipewa zija. Mphamvu yomwe inapulumutsa Misali imathera pomwepo. Sindikunena kuti wopita ku maphunziro asabwezeredwe ya thiransipoti. Ndikunena kuti ndalama iliyonse yomwe gulu lalandira iwerengedwe poyera pamaso pa jamaa, monga timachitira ndi chopereka chomangira mzikiti, chifukwa imeneyo ndi amanah.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya chilungamo. Yemwe amalandidwa neti ya udzudzu kugombe nthawi zambiri ndi mayi kapena mnyamata wosowa pogwira, wofuna ndiwo za tsiku limenelo. Neti imeneyo imakokolola kasawala, ana a chambo, ndipo iyeneradi kuletsedwa, makamaka poti inaperekedwa kuti iteteze ana ku malungo. Koma asodzi ang'onoang'ono akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti maboti akuluakulu okoka makoka amalowa m'madzi osaya momwe saloledwa. Gulu lomwe limalimba mtima pa wosauka n'kukhala chete pa mwini boti silikuphunzitsa mizani, ngakhale litatchula liwulo kangati. Bwenzi lenileni la gulu lotere ndi lomwe lingavomere kunyamula dandaulo limeneli kukafika nalo ku khonsolo ndi ku nthambi ya za usodzi, ngakhale silinalembedwe m'mapepala a polojekiti.

Palinso funso la chakudya m'miyezi yotseka, yomwe imakumana ndi nyengo yomwe chimanga chimakhala chitatha m'nkhokwe. Mabungwe ambiri amayankha ndi banki mkhonde. Cholinga chake n'chabwino, koma magulu ambiri otere amabwereketsa pa chiwongoladzanja, chomwe ndi riba. Apa gulu la Asilamu liyenera kulankhula lisanasainire mgwirizano, osati pambuyo. Njira zilipo: chipereganyu chomwe amayi athu amachidziwa kale, ngongole yopanda phindu ya qardh hasan, kapena kugula katundu limodzi n'kugawana phindu ndi kuluza komwe. Makomiti a zakat a m'misikiti ya m'mbali mwa nyanja angathenso kuika miyezi imeneyi pa kalendala yawo, poti banja la bwana wa khoka silivutika mofanana ndi la mnyamata wongokoka nawo chingwe.

Mu February 2024 ku Nairobi, akatswiri a Chisilamu anakhazikitsa chikalata chotchedwa Al-Mizan, chofotokoza udindo wa Msilamu pa dziko lapansi, ndipo Fazlun Khalid anali m'gulu la olemba ake. Chikalatachi chingathandize masheikh omwe amawerenga Chingerezi kapena Chiarabu. Koma kuti chifike kwa mwana wa madrassah wa ku Makanjira kapena ku Chia, pafunika wina achiike m'Chiyao ndi m'Chichewa, ndi zitsanzo za usipa, utaka ndi bango lomwe likudulidwa m'malo oswerana nsomba. Imeneyi ndi ntchito yomwe mabungwe athu a Chisilamu angapemphere thandizo kwa abwenzi awo November asanafike.