Kamera si mbale yopemphera

Kwagwa fashoni m'mizinda mwathu muno. Bungwe lisonkhanitsa achinyamata kuhotela masiku atatu, liwapatsa makamera ndi matisheti, kenaka n'kuwatuma ku Ndirande kapena ku Mtandire kuti akajambule "mavuto". Mavuto ake ati? Mwana wamamina atagwira mbale, gogo atakhala pakhonde la nyumba yakugwa. Zithunzizo zimakakometsa malipoti kunja, wojambulidwayo osaziona n'komwe. Ati kumeneko ndiye kusintha dziko. Bodza lamkunkhuniza! Kumeneko n'kuphunzitsa ana athu kupemphetsa.

Tiyeni tione kwa anzathu ku South Africa. Pa 16 June 1976, Sam Nzima adajambula Hector Pieterson, mwana wasukulu amene apolisi adamuombera ku Soweto, ali m'manja mwa Mbuyisa Makhubo. Nzima adabisa filimuyo m'sokosi, chithunzicho n'kutuluka m'nyuzipepala ya The World. Dziko lonse lidaona chimene boma la tsankho linkabisa. Chithunzi chimenechi sichinkapempha kobiri kwa munthu. Chinkaloza chala wolakwa.

Ndipo maso otere sabadwira m'semina ya masiku atatu ayi. David Goldblatt adatsegula sukulu ya Market Photo Workshop ku Johannesburg mu 1989, ndipo m'menemo mudatuluka akatswiri onga Zanele Muholi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale.

Kuno namondwe wa Freddy atakokolola anthu ku Chilobwe mu March 2023, aliyense wa foni adasanduka wojambula, mitembo ya abale athu n'kumangoyenda pa WhatsApp ngati mtedza wapamsika. Nanga matope atauma, ndi angati adabwererako kukajambula kumene opulumuka akugona? Ndi angati adakwera phiri la Soche kukaonetsa mitengo imene tidatha?

Inu aphunzitsi a zojambulajambula, muuzeni mwanayo kuti ayambe waodira asanatole chithunzi cha munthu. Alembe malo ndi tsiku, pakuti chithunzi chopanda zimenezi si umboni. Adziwe kuti chithunzicho n'chake. Nzima adadikira mpaka 1998 kuti apeze umwini wa chake chija. Koposa zonse, mutembenuzeni nkhope: ajambule mjigo wakufa, shelefu yopanda mankhwala, mlatho umene adaulonjeza pamsonkhano wa ndale. Zithunzizo zipachikidwe pamsika ndi pakhomo la khonsolo, pamene khansala adutsa m'mawa uliwonse.

Osauka tawajambula mokwana. Tsopano kamera iyang'ane amene akuwasaukitsa.